Madzi a mu mgodi amapita kuti?

Kampani ya migodi ikafika m'dera, mafunso athu amakhala omwe aja: ilemba anthu angati ntchito, nanga msewu itikonzera liti? Kwathu ku Chamama, m'boma la Kasungu, tidazolowera kuona malole atasenza simenti ya Shayona, yopangidwa kuchokera ku miyala ya laimu ya ku Livwezi. Chakumpoto, ku Kanyika m'boma la Mzimba, kampani ya Globe Metals and Mining idalandira chilolezo chokumba miyala ya niobium mu 2021. Migodi yatiyandikira ndithu. Koma funso limene sitifunsa ndi ili: madzi otuluka mu mgodi amapita kuti?

Dzenje likazama, madzi apansi panthaka amayamba kutumphukiramo monga achitira m'chitsime, ndipo mvula imaonjezera ake. Kuti ntchito isaime, amawapopa usana ndi usiku n'kuwasunga m'madamu, kapena kuwatayira mu mtsinje. Kupopako kukachuluka, madzi a m'zitsime ndi m'madambo oyandikana ndi mgodi amatha kutsika. Mlimi wa fodya sasowa womufotokozera tanthauzo la zimenezi, pakuti nazale amathirira mu Seputembala ndi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Vuto lalikulu lili pa damu. Mu Januwale 2015, mvula yamphamvu idaononga thanki yosungiramo madzi akuda pa mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga. Eni mgodi a nthawiyo, a Paladin, adati zotayikira kunja zidali zochepa kwambiri. Chaka chomwecho, boma litavomereza, adayamba kutayira madzi osefedwa mu mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, nayenso n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Mwina madziwo adalidi abwino. Koma mayi wotunga madzi kumunsi kwa mtsinjewo akadadziwa bwanji? Adangouzidwa kuti akhulupirire.

Anzathu a ku Zambia adaziona zoopsa. Pa 18 Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach ku Chambishi lidaphulika. Malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi adalowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zidafa, chimanga chidapserera m'minda, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi a m'mipopi.

Ena anena kuti laimu si uranium kapena kopa, ndipo akunena zoona. Madzi a mu dzenje la laimu saopsa ngati a asidi. Komabe damu likagumuka, madzi ngakhale oyera amakokolola zimene apeza. Paja madzi saiwala khwawa, ndipo makwawa athu ambiri amadutsa pansi pa misewu. Makalavati adawamanga poyerekeza ndi mvula ya m'deralo, osati damu lonse kukhuthuka nthawi imodzi. Tidaona mu Febuluwale 2024 m'mene madzi osefukira adadulira msewu wa M5 cha ku Dwangwa, anthu ndi katundu n'kusowa podutsa. Apo n'kuti ili mvula chabe.

Malamulo alipo. Lamulo la madzi la 2013 limafuna kuti wotayira madzi akuda mu mtsinje akhale ndi chilolezo, ndipo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA. Chimene chikusowa, m'kuona kwanga, n'chakuti zotsatira za kuyeza madzi zimathera m'malipoti a Chingerezi ku Lilongwe. Ine ndikuti mgodi uliwonse uzikakamizidwa kumata zotsatirazo m'Chichewa kapena m'Chitumbuka pa bwalo la mfumu ndi pa msika mwezi ndi mwezi. Potunga madzi okayeza pazikhala mamembala a komiti ya chitukuko ya m'dera. Ndipo chaka chilichonse mu Okutobala, mvula isanagwe, katswiri wosalipidwa ndi kampaniyo aziyendera khoma la damu pamodzi ndi a Roads Authority, kenako auze midzi ya kumunsi kumene madzi angadzere ndi kumene anthu angathawire.

Ife ophunzira za ziyankhulo tili ndi gawo pamenepa. Mawu onena za asidi, kuchuluka kwa matope m'madzi ndi mphamvu ya khoma la damu akufunika wowamasulira kuti agogo a ku Wimbe awamve, ndipo ntchito imeneyo sitidaiyambe.