Selukani, Muone Chalichi Mumapitirira Tsiku Lililonse

Ambiri a ife timaudziwa Lusaka kudzera pa windo ya minibasi cabe. Timadziwa pamene kondakita amakweza mtengo ikagwa mvula, timadziwa pamene pamakhala jamu, koma nyumba zakale timangozipitirira maso ali pa foni. Imodzi mwa izo ndi chalichi ya Katolika ya St Ignatius ku Rhodes Park, imene amayang'anira ansembe a ciJesuit.

Chalichi iyi ndi ya nthawi ya atsamunda, dziko likali Northern Rhodesia. Lusaka anakhala likulu mu 1935, boma litasamuka ku Livingstone, ndipo mzinda anaugawa motengera khungu. Rhodes Park inali ya azungu. Makolo athu anali ku Kabwata, Chilenje ndi Matero, ndipo ambiri amene anali kufika ku mayadi anali kubwera kudzagwira nchito. Manje lowani pa Sondo muone amene adzaza mabenchi: ndise. Malemu Michael Sata, pulezidenti wacisanu wa dziko lino, anali kupemphera pamenepa.

Kusintha uku sikunabwere kokha. Adam Kozłowiecki, mJesuit wa ku Poland amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, anafika ku Kasisi mu 1946. Mu 1959 anakhala arkibishopu woyamba wa Lusaka, ndipo mu 1969 anatula pansi udindo kuti mwana wa dziko lino atenge mpando. Anamwalira muno mu Lusaka mu 2007. Ndi angati m'basi mwanu amene aidziwa nkhani imeneyi?

Apa ndiye pali vuto. Malo mu Lusaka adula, ndipo nyumba zakale za ku mayadi zikusanduka maofesi, malo omwetsera mafuta ndi mamolo. Chalichi yodzaza anthu siigwa lero kapena mawa, zoona. Koma mbiri imatha mwakacetecete: agogo amene aikumbukira amwalira, zithunzi zidyewa ndi ciswe, wina abwera ndi ndalama za "kukonzanso" n'kucotsa zitseko ndi mawindo akale.

Ena amati n'za atsamunda izi, tisungiranji? Tisunge cifukwa ndi umboni. Mwana wobadwa ufulu wa 1964 utapita kale sangamvetse tsankho ngati palibe comuonetsa. Ndiye cifukwa cake tinasiya tunyumba tozungulira pa Kabwata Cultural Village.

Pempho lathu lipite kwa a National Heritage Conservation Commission, a khonsolo ndi akuluakulu a Mpingo: khalani pansi pamodzi, lembani mbiri ya machalichi akale a mzinda uno, muike zikwangwani pa geti m'Cinyanja ndi m'Cizungu. Jambulani mau a nkhalamba zikali moyo.

Ndipo imwe apaulendo, tsiku lina nyamukani msanga, museluke, muyende pang'ono. Simufunika kukhala Mkatolika. Vulani cisote, zimitsani foni, lemekezani amene apemphera. Pa Ciwelu tengani ana, muwauze amene anali kukhala ku Rhodes Park kale ndi amene akhala m'mabenchi aja lero.