ZA M'KAPOLO MUNO SIZA BWANA: Land Rover yakale siifa ndi ukalamba, timaipha ndife

Abale anzanga a geni, sabata ino tikambe za nkhalamba ija imatinyamulira katundu. Ndikunena Land Rover yakale, kapena mnzake Land Cruiser, ija mumaiona itaima pa Kanengo mbandakucha, matumba a chimanga ndi mtedza ali mbwee, eni ake akudikira kukatsitsa ku msika wa Area 25 kapena kwa Mgona. Mvula ikayamba, misewu ya kumidzi ikasanduka phala, timagalimoto tonyezimira tija timathawa. Amene amalowa kukapikula ndi nkhalambayi basi.

Koma mmene tikuisamalira, ayi ndithu, zikundimvetsa chisoni. Munthu wagulitsa fodya ku okushoni pa Kanengo pomwepa, wina watenga ngongole ku banki m'khonde, agula galimoto. Miyezi isanu ndi umodzi, galimoto ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, ngongole ikungobereka. Ukafunsa akuti anandilodza. Anakulodzani ndani, achimwene? Oilo munathira liti?

Mudziwe kuti Land Rover anayamba kuipanga mu 1948 ku England. Mtundu wa Series III, umene akuluakulu amaukumbukira ndi apolisi, azipatala ndi alangizi a zaulimi, unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Defender yakale ija anasiya kuipanga mu January 2016. Kotero imene muli nayoyo ndi gogo, ina yaposa zaka 40. Onjezani apo kuti Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo masipeya onse amachokera kunja. Chitsulo chimene mwachiswa lero chifukwa cha ulesi chidya phindu la mwezi wathunthu.

Ubwino wake, ya mtundu wa Series ilibe makompyuta. Sipanala, jeke, pampu ya gilizi ndi sanza, mwatha. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndiye Loweruka masana mukaweruka, chitani izi pakhomo pomwepo.

Choyamba, gwadani muone pansi. Land Rover imadontha, zimenezo aliyense amadziwa, koma funso ndi lakuti mkatimo mwatsala chiyani. Ambiri timangosolola kachitsulo koyezera oilo wa injini n'kumati tamaliza. Pansipo pali giya bokosi, pali bokosi lina logawa mphamvu ku matayala onse, pali madifu awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Pa Series, zonsezi zimamwa oilo wolimba uja wa nambala 90. Masulani bawuti ya m'mbali galimoto ili pamalo osalala, lowetsani chala. Chikatuluka chouma, thirani mpaka oilo afike pakamwa pa bowo. Akatuluka woyererako ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti munawoloka mtsinje madzi n'kulowa. Khuthulani tsiku lomwelo, apo ayi difu idzayamba kulira ngati maliro, ndipo maliro ake adzakhala a mpamba wanu.

Oilo wa injini musinthe pa makilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta yake, poti fumbi lathu si lamasewera. Uja wakuda wogulitsa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu, musiyeni apake mitengo ya denga kuopa chiswe.

Chachiwiri, gilizi. Pa chitsulo chachitali chozungulira pansipo pali timawere ta gilizi. Pukutani matope, popani mpaka watsopano atulukire. Ntchito ya mphindi khumi, koma kuinyozera kumathera pa chingwe chokokera.

Chachitatu, matope. Anthu amanama kuti Land Rover siichita dzimbiri. Thupi lake ndi la aluminiyamu, n'zoona, koma chesisi imene yanyamula zonsezo ndi chitsulo wamba. Matope akamatirira m'makona amasunga chinyontho, dzimbiri n'kumadya mwakachetechete. Tsukani pansi, osati pamwamba pokha pofuna kudyera maso. Gogodani chesisi ndi hamala. Pamene pakulira ngati chitini chakale, pitani kwa owotcherera zisanathyoke muli ndi anthu.

Chachinayi, mafuta. Mafuta akasowa pa mapampu, timathamangira a m'zigubu. Ena ndi abwino, ena anasakanizidwa ndi parafini kapena madzi. Pampu ya dizilo siikhululuka zimenezo. Ngati palibe kuchitira mwina, sefani ndi nsalu yoyera, ndipo muzikhetsa madzi a pansi pa fyuluta kawirikawiri. Ledieta nayo muziiona m'mawa injini ili yozizira. Osatsegula itatentha, nthunzi yake imasenda nkhope.

Tsono pali matenda athu awiri amene ngakhale makaniko wa ku Biwi Triangle sangachize. Oyamba ndi dyera. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu, ndipo apo nkhalambayi yafika kale pamapeto. Ife timaika 30, pamwamba amayi asanu ndi madengu a tomato, kumbuyo mnyamata akulendewera. Masipuling'i akathyoka ku Nsundwe usiku, tomato akuola, phindu la matumba owonjezera aja lili kuti? Achiwiri ndi kuiwala. Pa Series, kandodo kachikasu ndi kofiira kaja ndi ka m'matope ndi mumchenga. Mukatulukira pa tala wa M1, bwezerani matayala awiri okha azikoka. Kuyenda pa tala onse anayi akukoka kumapotokola zitsulo mpaka china chiduke.

Pali zina zoti musaseweretse. Mabuleki akamalowa pansi ngati mwaponda nsima, musathiremo oilo wa injini kapena madzi a sopo monga amachitira ena. Mafuta ake a mabuleki alipo, ndipo ngati akutha msanga pali pamene pakudontha, pitani kwa odziwa. Chiwongolero chikamasewera, chimodzimodzi. Pepala la COF pagalasi silimaimitsa galimoto pa mtsetse. Ndipo chonde, musalowe pansi galimoto itangokhala pa jeke kapena pa njerwa zowotcha. Njerwa imaphwanyika osachenjeza. Ikani zitsa zolimba za mtengo, tsekerani matayala ndi miyala, ana muwathamangitse.

Mawu omaliza kwa inu amayi amene munasonkherana kugula galimoto n'kuipereka kwa dalaivala. Gulani kope la sukulu. Lembani tsiku lothira oilo, makilomita ake, ndi chitsulo chilichonse chogulidwa. Akati tasintha chakuti, nenani kuti tabweretsani chakalecho tichione. Si kukayikira munthu ayi, ndi geni. Ndipo pa ulendo uliwonse patulani kangachepe ka galimoto, musanagawane. Ng'ombe yokoka ngolo imadya kaye, mwini adye pambuyo.

Sabata ya mawa tidzakamba za masikelo a mavenda ogula mbewu. Ena a inu mwayamba kale kutuluka thukuta, eti?