KODI NKOYENERA KUMCHOTSA MPHAKA ZIKHADABO?

Pa tchuthi chapitachi ndinakacheza kwa azakhali anga ku Lilongwe, ndipo ndinapeza m'nyumba muli mlandu. Wopalamula anali mphaka wao, amene anakalakala sofa watsopano kufikira thonje la m'kati linatulukira kunja. Azakhali anapsa mtima, ndipo sindiwadzudzula, pakuti mpandowo anaugula pa ngongole imene sanatsirizebe kubweza. Msuweni wanga anatulutsa foni yake nanena kuti ku America kuli madokotala a ziweto amene amachotsa zikhadabo za amphaka kuti zisamerenso, ndi kuti ifenso tifune munthu wodziwa nchitoyo. Tinatsutsana mpaka usiku, koma ine ndinagonja chifukwa ndinalibe mfundo. Ndinangopempha kuti ayambe adikira tchuthi chikudzachi. Tsopano ndafufuza, ndipo ndithokoza Akonzi pondipatsa malo kuti ndiyankhe pamaso pa inu nonse.

Anzanga, mau akuti "kuchotsa zikhadabo" ndi onyenga. Tikawamva timaganiza za kuwenga kumene timachita ndi lezala Loweruka, poopa aphunzitsi oyang'ana ukhondo. Koma chikhadabo cha mphaka sichiri ngati chathu. Icho chimamera kuchokera m'pfupa lotsiriza la chala, kotero kuti wofuna kuti chisamerenso ayenera kudula pfupalo pa mfundo yake. Tayang'anani dzanja lanu, mupinde chala, muone mfundo imene iri pafupi ndi chikhadabo: pamenepo ndi pamene mpeni umadutsa. Mphaka ali ndi zala zisanu ku phazi liri lonse la kutsogolo, ndiye kuti amdula kakhumi pa tsiku limodzi. Akati amchotse ndi za kumbuyo zomwe, kumene kuli zinai zinai, zala zodulidwa zimakwana 18.

Tsono a Biology adzandibvomereza kuti mphaka saponda ngati ife. Munthu amaponda ndi chidendene ndi phazi lonse, pamene mphaka amayenda monyang'ama, thupi lonse litatsamira pa zala. Nsonga za zalazo zikachoka, iye amayamba kupondera malo amene sanapangidwire kusenza katundu. Yense wa ife amene anayendapo kuchokera ku boma la Dedza ndi kamwala m'nsapato adziwa kuti mwendo ukayamba kutsimphina msana nawo umamva. Kamwala tingathe kukakhutula pa njira, koma mphaka uja akhala nako moyo wake wonse.

Izi si zongoganiza ine ai. M'chaka cha 2017 dokotala wa ziweto Nicole Martell-Moran ndi anzake anasindikiza zimene anapeza m'magazini a Journal of Feline Medicine and Surgery. Iwo anayerekeza amphaka 137 odulidwa zala ndi amphaka 137 osadulidwa. Atawajambula ndi makina oona m'kati mwa thupi, anapeza kuti mwa odulidwawo 63 pa 100 ali onse anali ndi tizidutswa ta pfupa totsalira m'mapazi. Odulidwa omwewo ndiwo amene ambiri anapezeka ndi msana wopweteka, anali oluma, ndiponso anali kudzithandiza pali ponse m'nyumba m'malo mopita m'bokosi la mchenga, pakuti kufukula mchenga ndi mapazi opweteka nkobvuta. Ndiye taonani malonda amene azakhali afuna kuchita: apulumutsa sofa, koma apeza mkodzo pa kapeti ndi mano pa dzanja la mwana. Ndipo bala la mano a mphaka nloipa koposa la chikhadabo, chifukwa mano ake ndi ang'ono ndi osongoka, amalowa pansi, khungu nkutseka pamwamba tizirombo tiri m'kati.

Ena amayesa kuti mphaka amakala mpando chifukwa cha mwano. Iai. Pokala amasenda chikhungwa chakale cha chikhadabo kuti chatsopano chionekere, amaongola minofu ya m'mapewa ndi ya msana monga ife timadziongola podzuka, ndipo amasiya pfungo la m'mapazi mwake kuti amphaka ena adziwe kuti pano pali mwini. Ngakhale wodulidwa zala amapitirira kupalasa mpando ndi mapazi opanda kanthuwo.

Komanso tisaiwale chimene mphaka amasungidwira kuno kwathu. Ife ana a m'mapiri muno tidziwa zimene zimachitika chimanga chikalowa m'nkhokwe m'miyezi ya June ndi July: makoswe amasamukira ku mudzi ngati aitanidwa ku ukwati. Agogo anga sasunga mphaka kuti azimsisita. Amamsunga chifukwa ndiye mlonda wa chakudya cha chaka chonse, ndipo malipiro ake ndi mkute ndi malo pafupi ndi moto. Khoswe amagwidwa ndi zikhadabo, mano amangotsiriza. Agalu a alenje akadutsa pabwalo, chimene chimampulumutsa ndi kuthamangira mu mtengo wa mapichesi. Ku maiko kumene mwambowu unayambira amphaka otere amawatsekera m'nyumba usana ndi usiku. Nanga ndi nyumba iti ya kuno imene chitseko chake chimakhala chotseka tsiku lonse?

Msuweni wanga anali ndi mfundo imodzi imene inanditseka pakamwa usiku uja. Anati, "Inu achimwene, kumudzi mumafula ng'ombe ndi mbuzi, mumadula nthenga za nkhuku, chifundo chayambira pa mphaka?" Funsoli nlabwino, ndipo sindinena kuti zonse zimene timachitira ziweto nzokoma. Koma nthenga za nkhuku zimameranso, ndipo kuzidula sikupweteka. Ng'ombe yofulidwa imamva kuwawa ndithu, komatu bala likapola imayenda monga kale. Mphaka yekha ndiye alandidwa chiwalo chimene amayendera, amakwerera, amadyera ndi kudzitetezera, ndipo zonsezi chifukwa cha nsalu ya mpando.

Maiko ambiri anaziona kale zimenezi. Pangano la maiko a ku Ulaya loteteza ziweto za m'nyumba, la m'chaka cha 1987, limaletsa kudulaku pokhapokha chala chikhale ndi matenda ofunika kutero. Ku Britain nkoletsedwa, Israel analetsa mu 2011, ndipo ku America komwe kuja msuweni anali kutamako, dera la New York linaletsa mu 2019, la Maryland mu 2022. Eni ake akuutaya mwambowu, tsono ife tiutole ngati kaunjika wong'ambika? Akulu amati chakudza sichiyimba ng'oma. Mantha anga ndi akuti ukafika kuno kudzera m'mafoni sudzapita kwa dokotala ai. Udzapita kwa mnyamata wolimba mtima wokhala ndi pulayala, popanda mankhwala ogonetsa, mphaka atamkulunga m'thumba.

Njira yina iripo, ndipo njotsika mtengo. Pezani chipika chachitali moti mphaka angathe kudziongolerapo ataimirira, muchikulunge ndi chingwe cha khonje, muchiimike molimba pafupi ndi pamene iye amakonda kukala, pakuti chikagwedera sachifunanso. Sofa mumphimbe kwa masabata angapo kufikira atazolowera. Nsonga za zikhadabo mungathe kuziwenga pakapita masabata awiri kapena atatu, koma mudule kumapeto koyera kokhako, osafika pofiira pamene pali magazi. Amene ali ku Lilongwe angathe kufunsa a LSPCA, bungwe losamala za nyama, kuti awaonetse kagwiridwe kake. Ndipo munthu amene aona kuti sofa amposa mphaka sachimwa akampereka kwa wachibale wa kumudzi amene akulira ndi makoswe.

Ine ndapempha kale chidutswa cha paini kwa ocheka matabwa a m'tsinde mwa phiri, ndipo chingwe cha khonje ndagula pa msika ndi ndalama zanga za sopo. Chiri pansi pa bedi langa. Tsiku lotsekera sukulu mukadzandiona ndikukwera basi ya ku Lilongwe ndi sutikesi ku dzanja lino, chipika ku dzanja linalo ndi magazini ano m'thumba, musadzandiseke. Ndikupita ku mlandu wa mphaka wa azakhali.

Mnyamata wa Fomu 3