Bala la m'mutu likapola, nchito imakhala isanathe

Mseu waukulu wodutsa m'tauni yathu ya Kafue supuma. Malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, maminibasi, ndipo tsopano njinga zamoto zimene ambiri amakwera opanda cipewa coteteza mutu. Munthu wa ku Nangongwe akavulala m'mutu amathamangira naye ku Kafue General Hospital, ndipo ubongo ukakhudzidwa kwambiri amamutumiza ku UTH ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 40, kumene kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo. Akatuluka timaimba, timayamika Mulungu, ndipo ambiri a ife timalekera pomwepo.

Koma kunyumba m'pamene mtolo umayambira. Ubongo wovulala suoneka ngati mwendo wothyoka. Bambo amene anali wofatsa amayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono. Amaiwala zimene wamva m'mawa, mawu amamuthawa pakamwa, mutu umamuwawa kosalekeza, ndipo ena amayamba kugwa khunyu patapita miyezi. Anansi amati waledzera, ena amati analodzedwa. Ifenso mu mpingo nthawi zina timafulumira kumuweruza, osadziwa kuti ni matenda. Amene amasenza zonse kawirikawiri ni mkazi wake kapena amake, amene amasiya malonda a pamsika kuti azimusambitsa ndi kumudyetsa.

Pa pepala zinthu zili bwino. Lamulo la anthu olumala la 2012 limawapatsa ufulu wothandizidwa kuti ayambenso kudzidalira, ndipo mu May 2023 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti cithandizo cotere cikhale mbali ya nchito zonse za umoyo. Vuto ni mtunda ndi anthu. Akatswiri ophunzitsanso munthu kulankhula ndi kugwira nchito za pakhomo ni ocepa kwambiri m'Zambia, ndipo banja limene lataya wolidyetsa silingalipire basi ya ku Lusaka sabata iliyonse.

Ife tiona kuti yankho lili pafupi ndi kwathu. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse. Tazolowera kupempha makalasi ndi zitsime, ndipo n'zofunikadi, koma palibe cotiletsa kupita ku Ward Development Committee kukapempha cipinda ca masewera olimbitsa ziwalo pa kiliniki ya Nangongwe, kuti katswiri azifikako masiku oikika.

Zina sizifuna kudikira boma. Akulu a mpingo angathandize banja kulembetsa wodwala ku ZAPD ndi kufunsa ku ofesi ya Social Welfare za Social Cash Transfer. Azimai ndi acinyamata amene amayendera odwala kale angaphunzitsidwe ndi anamwino kutembenuza wodwala kuti asacite zilonda, ndi kukhala naye maola awiri kuti womusamalira apite kumsika.