Ndalama za sukulu ziwerengedwe poyera

Pamene boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ana amene kale ankatsalira kumudzi kuweta mbuzi ndi kulera ang'ono awo anakhamukira kusukulu mwaunyinji, kotero kuti ntchito ya kumanga zipinda, kukumba zimbudzi ndi kugula choko inasanduka mtolo umene Likulu lokha ku Lilongwe silikadatha kuusenza. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linatula zina mwa mphamvu za Likululo m'manja mwa makhonsolo, ndipo mawu akuti "mphamvu ku anthu" anamveka m'dziko monse. Komatu makhansala amene tinawasankha mu 2000 atatsiriza nthawi yawo mu 2005, mipando yawo inakhala yopanda eni kufikira 2014. Ndipo m'zaka zisanu ndi zinayi zimenezo, ine ndiyesa, ndimo munamera chizolowezi chokamba za chuma cha anthu eniakewo kulibe.

Ndakhalapo pa misonkhano ya makolo yambiri, pansi pa mtengo wa mango, amfumu ali pampando, amayi ali pamphasa. Pemphero likatha, a komiti ya sukulu amaimirira mwaulemu nalengeza kuti mudzi uliwonse uumbe njerwa, amayi atute mchenga, ndipo khomo lililonse lisonkhe ya mlonda. Anthu nkuwomba m'manja, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe kholo lokana kugwirira ntchito mwana wake. Koma za ndalama ya SIG, imene boma limatumiza kusukulu kudzera kukhonsolo kuti ithandize zimene zili mu pulani yotukula sukuluyo, kuti inafika liti, inali ingati, inagula chiyani, kawirikawiri nkhani imeneyi imangodutsa ngati mphepo, ndipo wofunsa amaoneka ngati wachipongwe pamaso pa akulu.

Sindikunena kuti aphunzitsi aakulu ndi a makomiti ndi akuba, iai. Ambiri ndi anthu okhulupirika, odikira ndalama yochepa, yobweranso mochedwa, nthawi zina teremu itapita kale, ndipo amanyozedwa pa mlandu umene suli wawo. Iwowa ndiwo akadapindula koyamba mabuku akadatsegulidwa, popeza kapitawo amene waonetsa chiwerengero cha ukapitawo wake pamaso pa khamu sagonanso ndi mantha a miseche ya kuchitsime.

Kukhonsolo nako nkhani ndi yomweyo. Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, motero bajeti imakonzedwa m'miyezi ya mvula, pamene mlimi ali kalikiliki kubandira ndi kuthira feteleza, nkhokwe ili pululu, milatho nayo itakokoloka. Ndipo mapepala ake, olembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, safika ngakhale kwa makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera (ADC) amene anatumiza zofuna za midzi yawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga mayi amene mwana wake akuphunzirira pansi pa mtengo atsekula bwanji ngati sanauzidwe tsiku la msonkhano?

Chimene ndipempha kwa makhansala athu ndi alangizi a maphunziro a pulayimale (PEA) n'chaching'ono. Tsiku la msonkhano wa bajeti lilengezedwe kumatchalitchi, kumizikiti ndi pa wailesi za m'madera kudakali masabata awiri. Ziwerengero ziwerengedwe mokweza m'chilankhulo cha anthu a kumeneko, malisiti ali pathebulo. Ndipo pepala lake limatidwe pakhoma la ofesi ya aphunzitsi aakulu, likhale pomwepo kufikira ndalama ina itabwera.