Khwisa wa ku Ulaya Adziwike Asanakhazikike m'Madimba

Chomera chikayabwa mlimi pamkono, iye amati ndi khwisa, kapena ndi chitedze, ndipo nkhani imathera pomwepo. Kwa mlimi amene ali pakati pa ntchito, dzina limenelo ndi lokwanira. Kwa mlangizi wa zaulimi ndi wofufuza za mbewu silokwanira konse, pakuti dzina limodzi limeneli likuphimba zomera zambiri zosiyana, zina zobadwira kuno, zina zochokera kutsidya kwa nyanja. Kulephera kuzisiyanitsa kumabala zolakwa ziwiri: chomera chachilendo chimakhazikika anthu akuchiyesa cha makolo, ndipo chomera cha makolo chimathiridwa nkhondo ngati mlendo.

Mitundu iwiri ya khwisa wachilendo ndiyo iyenera kudziwika bwino. Katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anaipatsa maina m'chaka cha 1753: Urtica dioica ndi Urtica urens. Kwawo kwa zomerazi ndi ku Ulaya, madera ena a Asia ndi kumpoto kwa Africa, koma zinayenda ndi anthu, ziweto ndi mbewu mpaka kufika ku Australia, New Zealand, South America ndi kummwera kwa Africa. Ku South Africa zinakhazikika kalekale, kotero kuti zili ndi maina m'zinenero za kumeneko. Amene amalankhula Chiafrikaans amati brandnetel, Asotho a ku Lesotho amati bobatsi.

Kuzindikira khwisa wa mtundu wa Urtica sikufuna chipangizo chilichonse, koma maso okha ndi kudekha. Masamba ake amamera awiriawiri moyang'anizana pa mfundo imodzi, m'mphepete mwake muli mano ngati a sowo, ndipo tsinde lili ndi ngodya zinayi. Maluwa ndi ang'onoang'ono, obiriwira, osakopa maso, ndipo amatuluka m'timagulu pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Urtica urens ndi wamfupi, kawirikawiri sapitirira masentimita 60, masamba ake ndi aang'ono ndi obulungirako, ndipo amakhala moyo nyengo imodzi, nkufa atasiya njere zambiri. Urtica dioica ndi wamtali, amatha kufika mamita 2, masamba ake ndi aakulu ndi osongoka, maluwa ake amalendewera, ndipo safa chaka chikatha chifukwa ali ndi mizu yachikasu yoyanga pansi pa nthaka imene imaphukanso. Kusiyana kumeneku ndiko kumauza mlimi chochita. Wamfupiyo amagonja akazulidwa asanabereke njere. Wamtaliyo akadulidwa pamwamba pokha amabweranso, ndipo khasu likaduladula mizu yake nkuisiya m'nthaka, chidutswa chilichonse chikhoza kukhala chomera chatsopano.

Zomera zoyabwa za kuno zili ndi maonekedwe ena. Za mtundu wa Laportea, zimene zimakonda malo a mthunzi ndi chinyezi, masamba ake amamera limodzilimodzi, lina mbali iyi, lina mbali iyo, osati moyang'anizana. Girardinia diversifolia, wa m'nkhalango za kumapiri, nayenso masamba ake amamera limodzilimodzi, ndi aakulu, ogawikana ngati chikhatho, ndipo ubweya wake ndi wautali moti munthu amauona ali chapatali. Obetia tenax ndi kamtengo ka m'miyala, kopezeka ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Zomera za mtundu wa Tragia zambiri zimayanga, ndipo sizili pa ubale ndi khwisa weniweni. Abale ake ndi nsatsi ndi chinangwa. Chitedze ndiye sichifuna kulongosola kwambiri kwa aliyense amene anaduka m'tchire nthawi ya masika: ndi cha banja la nyemba, masamba ake ndi atatuatatu, ndipo ukali wake uli pa ubweya wa makoko. Mlangizi akangokumbukira funso limodzi, lakuti masamba akuyang'anizana kapena ayi, wachita kale theka la ntchito. Chenjezo nlakuti kumapiri a Kenya, Tanzania ndi Rwanda kuli Urtica massaica, ndipo ku Ethiopia kuli Urtica simensis, amene ndi Urtica weniweni koma wobadwira mu Africa momwe muno. Choncho masamba oyang'anizana amasonyeza mtundu, koma kuti chomeracho ndi chachilendo atsimikize ndi akatswiri osunga zitsanzo za zomera, monga a ku Zomba, Harare kapena Pretoria.

Kuyabwa kwa khwisa kumachokera m'tiubweya tokhala ngati timajakisoni. Nsonga yake ndi yophweka kuthyoka ngati galasi. Ikakhudza khungu imathyoka, kaubweyako nkubaya ndi kulowetsa timadzi tokhala ndi histamine, acetylcholine ndi serotonin. Khungu limatupa ndi kuotcha kwa kanthawi. Munthu safa nako, koma amene analembapo aganyu kuti apalire bedi la karoti kapena anyezi lodzala ndi khwisa akudziwa kuti ntchito imachedwa ndipo mtengo wa ganyu umakwera.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yeniyeni. Khwisa sakonda nthaka yoguga. Amafuna nthaka yachonde, yodzala ndi nayitirojeni ndi fosiforasi: pakhola, padzala, pamulu wa manyowa, m'nazale, m'munda wa zipatso. Urtica urens amakondanso nyengo yozizira ndi chinyezi, ndipo m'maiko amene anakhazikika amadziwika ngati udzu wovuta m'minda ya ndiwo zamasamba. Tsono kwa zaka zambiri alangizi m'chigawo chino akhala akulimbikitsa alimi kulima m'madimba nthawi ya chisanu, kuthirira, kuthira manyowa ambiri ndi kugula mbande zabwino. Malangizo amenewa ndi olondola ndipo sayenera kusintha. Komabe dimba lothiriridwa mwezi wa Juni, lodzala ndi ndowe, m'dera lokwera ndi lozizira, ndilo malo enieni amene khwisa wamfupiyu amasangalala nawo. Mlimi wakhama ndiye ali pachiopsezo kuposa waulesi, chinthu chosowa pa nkhani za udzu.

Njira zimene amayendera nazonso ndi za ulimi wabwino womwewo. Njere zake ndi zazing'ono, zimabisala m'dothi la mbande, m'manyowa osapsa bwino, m'matope a pa matayala ndi makasu, ndi m'mbewu yosapetedwa. Zikalowa m'nthaka zimatha kukhala zamoyo zaka zingapo, kumera pang'onopang'ono nthaka ikatembenuzidwa. Mlimi amene walekerera khwisa kubereka nyengo imodzi amakhala akumuzula nyengo zambiri zotsatira.

Alipo ena amene amati nkhawa imeneyi ndi yopanda pake chifukwa khwisa ndi ndiwo. Akunena zoona. Ku Lesotho ndi ku Eastern Cape amayi amathyola nsonga zanthete nkuphika, ndipo ku Kenya Akikuyu amasakaniza masamba a khwisa wa kwawo ndi mbatata ya kachewere ndi chimanga. Kuphika kapena kuyanika kumathetsa ukali wa ubweya, ndipo masambawo ali ndi zomanga thupi, ayironi ndi kashiamu wochuluka. Chisoso ndi bonongwe nazo zimamera zokha m'munda ndipo palibe amene amafuna kuzithetseratu. Nchifukwa chake kulengeza nkhondo ya mankhwala pa khwisa yense kungakhale kuononga ndalama, ndipo kungaphe zomera za kuno zimene sizinalakwe kanthu. Koma chisoso sichiluma wopalira. Kumene anthu anazolowera kudya khwisa, asiyireni ngodya yake kunja kwa mpanda. Kumene sanafike, phindu la ndiwo imodzi yoonjezera silingafanane ndi vuto la udzu woyabwa m'bedi la mbande, ndipo kumutenga dala kukamubzala m'dera latsopano chifukwa cha mbiri yake ya mankhwala azitsamba nkosayenera.

Ena amati ofufuza ndi ochepa, ndalama nzochepa, ndipo kaufiti yekha akuononga chimanga kuposa mmene khwisa angaonongere m'zaka zana. Nazonso nzoona, ndipo palibe amene akupempha kuti wofufuza asiye kaufiti. Chimene chikupemphedwa ndi chotchipa: tsamba limodzi la zithunzi m'buku la mlangizi, ndi chizolowezi chotumiza chitsanzo. Namasupuni, wochokera ku South America, anaoneka m'chigwa cha Shire kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pamene tizilombo tomudya tinkabweretsedwa m'zaka za m'ma 1990 anali atafala kale m'mtsinjewo. Khwisa sangafike pa msinkhu wa namasupuni, koma onse awiri amaphweka kuwagonjetsa akadali pa malo amodzi.

Mlangizi akapeza chomera choyabwa cha masamba oyang'anizana m'dimba kapena m'nazale, achizule chonse ndi mizu yomwe atavala pepala la pulasitiki kudzanja, makamaka chokhala ndi maluwa, achipanikize pakati pa manyuzipepala mpaka chiume, alembe malo, tsiku ndi mtundu wa nthaka, ndi kufunsa mwini dimba kumene anatenga mbande ndi manyowa. Funso lomalizali ndilo limaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndilo limaloza kumene kuli gwero. Zotsala m'bedimo zizulidwe zisanachite maluwa. Zimene zili kale ndi njere zisaponyedwe pa mulu wa manyowa, koma ziumitsidwe ndi kutenthedwa, ndipo bedi limenelo liyang'aniridwe nyengo zingapo mbande zake zisanagulitsidwenso kwa alimi ena.