Mame a Pansi pa Nthaka

Alipo anthu ena ophunzira amene amatiuza kuti dziko losauka lisadzibvute ndi kuyenga mafuta ace, koma ligulitse osayenga, ndi kugula oyengedwa kwa eni makina. Ine ndikana mau amenewa, ndipo mlandu wanga ndiutengera kwa anansi athu a ku Mozambique.

M'cigawo ca Inhambane muli malo awiri, Pande ndi Temane, kumene pansi pa nthaka pali mpweya woyaka wochedwa gasi. Ku Pande anaupeza m'caka ca 1961, m'masiku a Apwitikizi, ndipo m'caka ca 2004 unayamba kuyenda mumpope wa makilomita 865 kunka ku makina a Sasol ku Secunda, m'dziko la South Africa.

Koma mpweyawo suturuka wokha. Pansi pamene pali kutentha ndi kupanikizika kwakukuru, mafuta ena opepuka amakhala ngati nthunzi. Akafika pamwamba nazizira, amasanduka madzi monga mame a m'mawa. Amenewa ndiwo achedwa kondenseti. Kuwayenga kwace kufanana ndi umo akazi acezera kacasu: awatenthetsa, nthunzi ikwera, ndipo ciri conse cidontha pa nthawi yace. Poyamba padza zopangira petulo, pambuyo pace palafini, ndi dizilo pang'ono. Popeza ali opepuka, safuna makina ambiri monga afunira mafuta akuda olemera.

Tsono taonani cacitika. Kwa zaka zambiri mame amenewa anatengedwa pa magalimoto kunka kudoko, nagulitsidwa kunja, pamene petulo ndi palafini zinadza m'zombo kucokera kutsidya la nyanja. Kodi mkazi wanzeru angagulitse nsawa zonse za m'nkhokwe, napita kusitolo kukagula nsinjiro?

Otsutsana nane ati, "Mafutawo acepa, sangadyetse nyumba yoyengera." Atinso, "Kodi ya ku Matola sinatsekedwe m'zaka za m'ma 1980? Nanga yanu ya Indeni ku Ndola iri kuti?" Funso ili lilasa, ndipo sindilizemba. Indeni inayamba nchito m'caka ca 1973, ndipo inalandira mafuta m'mpope wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam. Koma inaleka kuyenga, ndipo m'caka ca 2023 mpopewo unayamba kunyamula dizilo woyengedwa kale. Koma kumbukirani kusiyana kwace. Ife tinagula mafuta kutali ndi ndalama zosowa, pamene anzathu ali nao m'munda mwao. Wosinja cimanga cogula ndi wosinja ca m'nkhokwe mwace salingana.

Kunena za kucepa, ndani anati timange cinyumba conga ca maiko olemera? Mphika uumbidwa molingana ndi ndiwo. Makina ang'ono okwana mafuta alipowo aphunzitsa anyamata ndi atsikana luso limene silipita pa galimoto kunka kudoko. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo.

Cifukwa cace ndipempha zinthu zitatu kwa Boma liri lonse la mu Afirika limene liri ndi cuma cotere. Coyamba, munthu wa Boma aimirire pa muyeso, nalembe yekha mafuta onse oturuka. Caciwiri, mtengo wace ndi dzina la wogula zilengezedwe poyera, kuti ndi wakumudzi yemwe amve. Cacitatu, pangano liri lonse latsopano linene gawo loyengedwa m'dziko momwemo.

Citsime ca gasi sicidzala ndi mvula monga ca madzi, cikaphwa, caphwa. Tsiku limenelo ana adzafunsa cimene cinatsala, ndipo mpope wadzimbiri sudzakhala yankho. Nafenso eni mkuwa tisaseke, pakuti caona mnzako capita, mawa ciona iwe.